Momwe mungakonzere pabalaza ndi mukolido kuti alendo apeze pokhala, ana apeze podutsa

Nyumba zambiri zomwe ndalowamo, kaya ndi ku Chilomoni, ku Area 25 kapena ku Chibavi ku Mzuzu, vuto lake ndi limodzi: katundu wachuluka kuposa malo. Mukangoodira n'kulowa, bondo lagunda kale tebulo. Masofa akuluakulu atsamira makoma onse, pakona pali kabati ya mbale, pakona ina firiji. Eni nyumba anataya ndalama zambiri ndithu, koma tsiku lobwera akuchimuna kudzakambirana za chinkhoswe, theka la anthu limatsala pakhonde.

Pabalaza pathu pano pamachitika zambiri. Ndi polandirira alendo, ndi pomwe a mphakati kapena a mlaga amapempherera, ana amalemberapo za kusukulu, achibale ochokera kumudzi amagona pomwepo. Pakagwa zovuta, katundu amatulutsidwa kuti amayi akhale pansi. Choncho pokonza balaza, funso loyamba likhale lakuti: kodi mphasa ikwana pamenepa? Zina zonse zitsatire pambuyo.

Yambani ndi tepi ndi choko

Musanapite kwa kalipentala kapena kusitolo, bwerekani tepi yoyezera. Yezani mulitali ndi mulifupi mwa chipinda, mawindo, ndiponso chitseko. Zitseko zambiri za nyumba zathu m'lifupi mwake ndi pafupifupi masentimita 80, ndipo sofa yonenepa kuposa pamenepo imavuta kulowetsa. Ndinaonapo sofa yatsopano itagona pakhonde masiku atatu nthawi ya mvula, mpaka eni ake anachita kuzula felemu ya chitseko. Lembaninso pomwe pali masoketi, chifukwa ndi amene adzakuuzeni pokhala TV.

Kenako tengani choko mujambule pansi. Jambulani kaye njira yochokera pakhomo kupita kukolido ndi kukhitchini, yotakata masentimita 80 kapena 90, yoti munthu wanyamula beseni la madzi osamba m'manja adutse osapempha alendo kuti apinde miyendo. Mukatero jambulani malo a mphasa. Malo amene atsalawo ndiwo a mipando. Pakati pa sofa ndi tebulo siyani masentimita 40 kapena 45. Mukhale masiku awiri mukuyenda motsata mizere ya chokoyo, mudzaona nokha pomwe papanikiza.

Makoma ndi pansi zikonzedwe katundu asanalowe

Yang'anani m'munsi mwa makoma. Ngati penti akufufuma kapena kusendeka, ndiye kuti chinyezi chikukwera kuchokera pansi kapena madzi a padenga akumenya khoma kunja. Kupakapo penti wina n'kutaya ndalama. Konzani kaye ngalande ya kunja kuti madzi azithawa nyumba, palani posendekapo, pauma ndiye mupake. Pulasitala watsopano mupatseni pafupifupi mwezi kuti aume. Nthawi yabwino ya ntchitoyi ndi chilimwe, mvula isanayambe.

Pabalaza pakani penti wamadzi wa mtundu wowala, monga woyera kapena wa kirimu, chifukwa amakulitsa chipinda m'maso ndipo magetsi akathima nyali imodzi imawalitsa ponseponse. Mukolido, komwe ana amayenda akukhudza khoma ndi manja a nsima, pakani penti wamafuta kuchokera pansi mpaka m'chiuno kuti muzingopukuta ndi kansalu konyowa. Ngati muli pa lendi, pemphani kaye eni nyumba ndipo mugwirizane ngati ndalama ya pentiyo adzaichotse pa lendi.

Za pansi sindichulutsa. Simenti yosalala yopakidwa polishi wofiira n'kukwecha bwino imakongola, ndipo matailosi angadikire. Kapeti wodzaza chipinda chonse amasunga fumbi la mu Okutobala ndi chinyezi cha mu Januwale. Kakapeti kapakati kapena mkeka woti n'kukakung'untha panja ndiye wabwino.

Kwa kalipentala musapupulume

Apa ndi pomwe ndalama zambiri zimapita, ndipo ndi pomwe ambiri timalirira. Ku Mchesi ku Lilongwe ndi ku Ndirande ku Blantyre kuli amisiri aluso kwambiri, koma sofa mukaiona itakutidwa kale nsalu simungadziwe zomwe zili m'kati. Pitani ndi miyeso yanu papepala, muuze mmisiri kuti mukufuna kudzaona felemu asanaikute. Mmisiri wodzidalira sakana zimenezi.

Pa felemuyo yang'anani zinthu zitatu. Choyamba, matabwa akhale ouma. Thabwa laliwisi limalemera, limazizira mukaligwira, ndipo likauma lili kale m'nyumba limapindika n'kutsegula molumikizira. Ine ndinagulapo tebulo lotero kwa mmisiri wina. Pofika mwezi wachitatu mwendo umodzi sunkafikanso pansi, ndipo ndinamva kuwawa chifukwa ndalama zake ndinasunga nthawi yaitali. Chachiwiri, molumikizira mukhale molowetsana ndi momata guluu, osangoti misomali yokhayokha. Chachitatu, pasakhale timabowo tothothoka ufa, chifukwa thabwa lofumbwa limapatsira katundu wina m'nyumba.

Mlombwa ndi mbawa ndi mitengo yolimba komanso yokongola, koma ndi yodula ndipo ikusowa. Paini ngati wa ku Chikangawa ndi wopepuka ndiponso wotsika mtengo, koma chiswe chimamukonda, choncho apakidwe mankhwala ndi vanishi, ndipo asamakhudze khoma lachinyezi. Bulugama wouma bwino amapanga felemu yolimba. Wina akakutsatsani mkungudza wa ku Mulanje, ukaneni: mtengo umenewu ndi wotetezedwa ndipo watsala pang'ono kutheratu m'phirimo.

Funsaninso za fomu, siponji ya m'kati mwa makushoni. Ikanikizeni ndi chibakera: yabwino imabwerera msanga, yachabe imasiya dzenje. Nsalu sankhani yosaonetsa litsiro, ndipo makushoni akhale a zipi kuti muzivula n'kuchapa. Polipira, perekani gawo lina poyamba, lotsala mukalandira katundu, ndipo mulemberane tsiku lomaliza ntchito.

Kunena zoona, balaza laling'ono silifuna seti yonse ya masofa. Sofa imodzi ya anthu atatu ndi mipando iwiri yoluka ya nsungwi, ngati yomwe imagulitsidwa m'mbali mwa msewu wa ku Salima, zimakwanira. Mipando imeneyi ndi yopepuka, mwana amainyamula kupita nayo pakhonde, ndipo sitenthetsa msana nthawi yotentha. Alendo ochokera kunja amaigula n'kupita nayo kwawo, ife timaiona ngati ya osauka, zomwe zimandimvetsa chisoni. Onjezerani timipando ting'onoting'ono tiwiri kapena titatu tolowa pansi pa tebulo. Ngati mukugula sofa yogwiritsidwapo kale ntchito, tsegulani m'misoko muone ngati mulibe timadontho takuda ta nsikidzi. Zikalowa m'nyumba, kuzichotsa ndi nkhondo.

Poika mipandoyo, kumbukirani kuti bambo kapena agogo akhale poona pakhomo, ndipo anthu aziyang'anana polankhula. TV isayang'anizane ndi windo, kuwala kumaphimba chithunzi masana.

Makatani ndi kuwala

Nsalu ya katani ikhale yotambalala kuwirikiza kawiri m'lifupi mwa windo kuti ipange makwinya okongola. Chitsulo chokolekapo chikhomeni pamwamba pa windo ndipo chipitirire pang'ono mbali zonse, kuti mukatsegula makatani windo lonse lioneke. Pa kaunjika pamapezeka makatani olimba, kungoti muwachape ndi kuwasita musanakoleke. Telala wa pamsika angathenso kukusokerani makushoni a chitenje. Sankhani chitenje chimodzi chomwe mtundu wake ukugwirizana ndi makatani, osasakaniza mitundu isanu. Ndalama ya maluwa apulasitiki igulireni kaye sefa ya m'mawindo, kuti madzulo muzitsegula popanda kuitana udzudzu.

Babu limodzi lapakati pa siling'i limathobwa m'maso. Ikani babu la LED lowala mofatsa, ndipo nyali ya sola kapena yotchaja ikhale ndi malo ake odziwika, oti aliyense akhoza kuipeza mumdima.

Mukolido musasanduke nkhokwe

Mukolido ndi momwe timaponyamo njinga, matumba a chimanga, zidebe ndi nsapato za banja lonse. Usiku magetsi atathima, mwana wopita kuchimbudzi amapunthwa pamenepo, ndipo pakabuka moto njira yothawira ndi yomweyo. Chimanga chipezereni malo ena, pamatabwa, chifukwa chimaitananso makoswe. Pansi pa kolido pakhale popanda kanthu.

Zonse zipite kukhoma. Khomani thabwa lokhala ndi tizitsulo tokolekapo zikwama za kusukulu, maambulera ndi makiyi, motsika moti ana afikire okha. Pafupi ndi khomo ikani kashelefu ka nsapato kosapitirira masentimita 30 kuchoka kukhoma, ndi chopondera chopukutira matope. Ngati mukolidomo muli mdima, galasi loikidwa moyang'ana komwe kumachokera kuwala limathandiza kwambiri. Katani yotchinga polowera kukolido imabisa zipinda zogona kwa alendo, ndipo apongozi akabwera aliyense amakhala momasuka.

Zapakhoma zibwere pomaliza

Tsitsani makalendala a zaka zapitazo. Sankhani khoma limodzi loti likhale la zithunzi za banja, monga cha ukwati, cha agogo ndi cha mwana pa tsiku lolandira digiri, muziike pamodzi m'mafelemu ofanana. Ambiri timakoleka zithunzi pafupi ndi denga. Pakati pa chithunzi pazikhala pafupifupi masentimita 150 kuchokera pansi, pomwe maso a munthu woimirira amafika. Khoma la njerwa boolani ndi dirilo n'kuikamo pulagi, kapulasitiki kogwira sikuluwu m'khoma, chifukwa msomali wokhoma ndi hamala umagumula pulasitala.

Makoma enawo apume, kapena pakhale chinthu chimodzi chokha: malichero atatu oluka bwino, chosema cha ku Mua, kapena mphika wa maluwa wa ku Dedza Pottery pashelefu. Mu kabati ya mbale siyani zokhazo zomwe mumatulutsira alendo. Duwa lamoyo limodzi mumtsuko wadothi pafupi ndi windo limakwanira, koma m'mbale ya pansi pake musamakhale madzi, udzudzu umaswana momwemo.

Mukamaliza, tengani mphasa ija muiyale pomwe munajambula ndi choko. Ngati yakwana popanda kusuntha sofa, ipindeni muiimike kuseri kwa chitseko, pouma, mpaka tsiku lomwe alendo adzachuluke.