Kusankha kamera yaing'ono yoyenda nayo m'thumba tsiku lililonse

Kamera yanga yoyamba yaing'ono ndinaigula chifukwa cha manambala awiri amene analembedwa pakatoni: mamegapikiselo 20, kutanthauza timadontho mamiliyoni 20 topanga chithunzi, ndi zumu ya 30x yokokera pafupi zinthu zakutali. Masana dzuwa likuswa mtengo inkajambula bwino ndithu, mbalame ili pamwamba pa denga inkaoneka mpaka diso. Koma dzuwa likangolowa, ana akusewera m'nyumba, nkhope zawo zinkatuluka ngati wina wazipaka matope ndi chala. Foni yanga inkaiposa. Inakhala m'dirowa chaka chathunthu mpaka batire linafa.

N'chifukwa chake munthu akandifunsa kuti agule iti, sindimutchulira dzina msanga. Ndimamuuza kuti ayambe watsegula foni yake, aone zithunzi za miyezi itatu yapitayi, apatule zimene zinamukhumudwitsa. Inunso chitani zomwezo. Kodi zambiri ndi zamdima ndi zosaoneka bwino chifukwa mwana anasuntha? Kapena chinthu chinali patali, mutachikoka ndi zala chinaphwanyika? Kapena mumangotopa ndi mmene foni imasalalitsira khungu la munthu mpaka kuoneka ngati chidole? Lililonse mwa mavuto amenewa lili ndi kamera yake. Ndipo ngati palibe chithunzi chimene chakukhumudwitsani, sungani ndalama zanu, foniyo ikukwanirani.

Chinthu choyamba kuyang'ana ndi sensa, kambale kamene kamalandira kuwala kuseri kwa lenzi. Taganizani za kukinga madzi a mvula: wa kapu ndi wa beseni aima pamvula imodzi nthawi yofanana, koma zimene atengere kunyumba n'zosiyana. Makamera ang'onoang'ono ambiri ali ndi sensa yomwe amaitcha 1/2.3, ya mamilimita pafupifupi 6.2 m'litali ndi 4.6 m'lifupi. Imeneyo ndiye kapu, ndipo mafoni abwino amakono anaifikira kale, ena anaipitirira. Yotsatira ndi ija amati ya inchi imodzi, ya mamilimita 13.2 ndi 8.8, yomwe ndi yaikulu kuposa yoyambayo pafupifupi kanayi. Musapusitsike ndi dzinalo, sifika inchi ayi, dzinali linachokera ku machubu a makamera akale a kanema. Pamwamba pake pali APS-C, ya mamilimita pafupifupi 23.5 ndi 15.6, yomwenso imaposa ya inchi katatu.

Kwa ine, sensa ya inchi imodzi ndi poyambira. Sony ndi amene anatchukitsa mtundu umenewu pamene anatulutsa RX100 mu 2012, kenako Canon anabwera ndi G7 X, Panasonic naye ndi ake. Mamegapikiselo musavutike nawo kwambiri. Pafupifupi onsewa ali ndi 20, okwanira kusindikiza chithunzi chachikulu chopachika pakhoma. Vuto n'lakuti 20 opanikizana pa kasensa kakang'ono ndi 20 omasuka pa sensa yaikulu si chinthu chimodzi, ngakhale katoni imalemba nambala yofanana.

Tsopano lenzi, pamene anthu ambiri amagwera m'mbuna imene ndinagweramo ine. Kutsogolo kwa lenzi kumalembedwa manambala ngati 1.8-2.8 kapena 3.3-6.4. Amenewa, omwe amalembedwanso ndi f/ kutsogolo, amanena kukula kwa bowo lolowera kuwala, ndipo amayenda chobwerera: nambala ikachepa, bowo ndiye lakula. Kuchoka pa f/2 kupita pa f/2.8, kuwala kolowa kumatsika ndi theka, kufika pa f/4 kumatsikanso ndi theka lina. Nambala yoyamba ndi ya pamene simunakoke zumu, yachiwiri ndi ya pamene mwakoka mpaka pothera. Muziwerenga yachiwiriyo, chifukwa ogulitsa amakonda kufuula yoyamba yokha.

Chitsanzo chabwino chili m'banja limodzi lomwelo. RX100 III ya mu 2014 ili ndi lenzi ya 24-70mm, f/1.8-2.8 (nambala ya mm ikakula, ndiye kuti lenzi ikufika patali). RX100 VII ya mu 2019 imafika 200mm, koma bowo lake ndi f/2.8-4.5. Yatsopanoyo imakufikitsani patali ndipo imagwira msanga chinthu choyenda, koma m'chipinda cha nyali imodzi yakaleyo imamwa kuwala kwambiri. Canon G7 X Mark II ndi Mark III zinaima pakati, 24-100mm pa f/1.8-2.8. Zumu yaitali ndi bowo lalikulu sizikwanirana m'kabokosi kolowa m'thumba, china chimayenera kugonja. Ngati zithunzi zimene munapatula zija ndi za m'nyumba ndi zamadzulo, tengani bowo lalikulu. Ngati ndi za mwana ali kutsidya la bwalo la mpira kapena nyama zakutchire, tengani zumu. Panasonic TZ200 imafika 360mm ili ndi sensa ya inchi imodzi, pomwe za 30x zija zimafika 720mm koma pa kasensa kakang'ono, ndiye muvomereze kuti ndi kamera ya masana.

Zumu yoti muiwerengere ndi ya magalasi, imene lenzi imasunthadi. Ina ija ya digito ndi kungodula chithunzi n'kuchitambasula, zomwe mungachite nokha pa kompyuta. Ine ndimaithimitsa tsiku loyamba.

Pali mtundu wina umene ndimaukonda koma sindiuza aliyense kuti augule: kamera yopanda zumu n'komwe. Ricoh GR III, yomwe inatuluka mu 2019, ili ndi sensa ya APS-C ya mamegapikiselo 24 m'thupi lolemera magalamu osakwana 260, ndi lenzi imodzi yokha ya 28mm pa f/2.8. Mng'ono wake GR IIIx wa mu 2021 ali ndi 40mm, yomwe imakomera nkhope za anthu. Mukafuna chinthu chiyandikire, mumayenda ndinu. Poyamba zimakwiyitsa, koma pakatha masabata angapo diso limazolowera, mumadziwa chimene chilowe m'chithunzi musanatulutse n'komwe kamera m'thumba. Ilinso ndi njira yoikiratu mtunda, tinene mamita awiri, kuti mukangodina batani ijambule osayamba yasakasaka. Mumsewu zimenezi n'zothandiza zedi. Koma ilibe fulashi ya m'kati, ilibe kagalasi kosuzumira ndi diso pojambula, ndipo batire lake amaliyeza pa zithunzi pafupifupi 200. Munthu wofuna kamera imodzi ya zonse akhoza kudzandida ndikamutumiza kumeneko. Fujifilm X100VI ya mu 2024 nayo ndi ya lenzi imodzi, yokongola kuiona ndi kuigwira, koma m'thumba la thalauza silowa, pokhapokha la jekete.

Apa ndiye pali nkhani ya thumba lenilenilo. Pazithunzi za otsatsa makamera onse amaoneka aang'ono. Chimene chimavuta si kutalika koma kunenepa: GR III ndi ya mamilimita 33, RX100 VII ndi ya pafupifupi 43. Kusiyana kwa sentimita imodzi kumamveka ngati kochepa mpaka mutakhala pampando. Ine ndimachita zachibwana koma zimagwira ntchito: ndimapinda katoni molingana ndi miyezo ya kamera imene ndikuifuna, n'kuikamo timiyala mpaka ifike magalamu 300, n'kuyenda nayo tsiku lonse m'zovala zimene ndimavala masiku onse. Ikanditopetsa pofika madzulo, ndimadziwa kuti yeniyeniyo izitsala kunyumba.

Zina zotsalazi n'zing'onozing'ono, mungaziyese m'mphindi zochepa kamera ili m'manja. Iyatseni muwerenge kuti itenga nthawi yotani isanakonzeke, chifukwa mwana sadikira. Tulukani nayo padzuwa muone ngati sikirini ikuoneka. Ikamachita mdima mudzafuna kagalasi kosuzumira ndi diso limodzi, kamene RX100 ili nako kuyambira pa III koma G7 X ilibe. Ngati mumadzijambula nokha, onani kuti sikirini imatembenukira kutsogolo. Funsani ngati imatchajidwa ndi chingwe cha USB, ndipo gulani batire lachiwiri tsiku lomwelo, makamera amenewa onse mabatire awo ndi aang'ono. Njira yochepetsera kunjenjemera kwa dzanja ikhalemo, koma dziwani kuti imathandiza dzanja lanu lokha, mwana wothamanga siimuimitsa. Wokonda kukonza zithunzi pambuyo aonetsetse kuti kamera imasunga RAW, fayilo yosakonzedwa yochokera pa sensa, osati JPEG yokha imene kamera yakonza kale. Amene amakhalira pamadzi, mumchenga kapena pamvula asiye zonsezi aone OM System TG-7, imene imamira mpaka mamita 15. Sensa yake ndi yaing'ono, koma imapirira pamene zinazi zingafe tsiku lomwelo.

Ambiri mwa makamera ndatchulawa ndi a zaka zingapo, choncho n'kutheka kuti mugula yogwirapo kale ntchito. Palibe cholakwika, bola muifufuze. Iyatseni ndi kuithimitsa kasanu, mumvetsere lenzi ikamatuluka ndi kubwerera: ikamalira ngati mwalowa mchenga kapena kuima panjira, ibwezeni, chifukwa kukonza lenzi yotere kumadya ndalama zambiri. Unikani m'galasi ndi tochi ya foni, mukaona tinthu ngati ukonde wa kangaude ndiye kuti muli nkhungu. Dinani batani lililonse, zunguzani kagudumu kalikonse, ikani khadi lanu la SD mujambule, mukaonere kunyumba pa sikirini yaikulu ngati wogulitsa akulola.

Chomaliza ndi fumbi, ndipo ichi ndinachiphunzira mowawa. Lenzi yotuluka ndi kubwerera imapuma mpweya ngati pampu, fumbi n'kumalowa mpaka pa sensa, ndipo poti lenziyo sichoka, simungapukute nokha. Poyesa, ikani bowo pa nambala yaikulu, f/11 kapena f/16 ngati ikufika, mujambule khoma loyera kapena thambo lopanda mitambo, kenako mukulitse chithunzicho. Timadontho totuwa tokhala pamalo amodzimodzi pa chithunzi chilichonse ndi fumbi limenelo. Kamera yanga ina ndinkaiponya m'thumba la thalauza chonchobe, limodzi ndi makiyi ndi tiulusi ta nsalu, ndipo pasanathe chaka kadontho kanamera pakona ya kumanzere, pamwamba penipeni pamene pamakhala thambo. Ya panopa imalowa kaye m'kathumba ka nsalu kokhala ndi zipi isanalowe m'thalauza, ndipo poyeza katoni ija ndimawonjezera mamilimita asanu a kathumbako.