Kudandaula za mwini nyumba ku Joni pa nkhani ya zinyalala ndi nyumba yosakonzedwa

Amalawi ambiri amene akuchita lendi ku Johannesburg amakhala m'mafulati akale a ku Hillbrow, Yeoville ndi Berea, kapena m'tizipinda ta kuseri kwa nyumba za eni ku Rosettenville ndi Turffontein. Madandaulo amafanana: bini imodzi pabwalo la mabanja khumi, matumba a zinyalala ataunjikana pansi pa masitepe, suweji ikusefukira pakhomo, denga likudontha, mastande (mwini nyumba) n'kumangoti tikonza mwezi wa mawa. Kodandaula kulipo kuwiri, ndipo milandu yambiri imafera m'njira chifukwa munthu wagogoda khomo lolakwika kapena wapita chimanjamanja.

Choyamba dziwani kuti vuto lili kwa yani. Zinyalala za mumzinda wa Johannesburg zimatoledwa ndi Pikitup, kampani ya khonsolo, kamodzi pa sabata m'malo okhala anthu, m'mabini a matayala a malita 240. Ngati bini inatulutsidwa pa tsiku lake koma galimoto sinabwere, mlandu ndi wa khonsolo ndipo mwini nyumba sizimukhudza. Koma ngati pabwalo pali zipinda khumi ndi ziwiri, bini n'kukhala imodzi, kapena inabedwa iye osapempha ina, vuto ndi lake, chifukwa akaunti ya khonsolo imakhala m'dzina la mwini malo ndipo mabini owonjezera amapemphedwa kudzera pamenepo. Chimodzimodzi suweji: paipi yotsekeka mumsewu ndi ya Johannesburg Water, kampani ya madzi ya khonsolo, yotsekeka mkati mwa mpanda ndi ya mwini nyumba.

Musanapite kulikonse, sonkhanitsani umboni. Jambulani mulu wa zinyalala womwewo mutaima pamalo amodzimodzi, Lolemba lililonse kwa masabata atatu kapena anayi, nambala ya nyumba kapena geti ikuoneka pachithunzipo. Chithunzi chimodzi mwini nyumba amachikana mosavuta, amati linali tsiku la sitiraka ya otola zinyalala. Zithunzi za masabata otsatizana alibe nazo pothawira. Denga lodontha lijambuleni vidiyo mvula ikugwa, madzi akuoneka akutsikira m'beseni, chifukwa banga louma pasiling'i silinena zambiri. Mwana akatsekula m'mimba kapena akalumidwa ndi khoswe, sungani khadi la kuchipatala.

Kenako mulembereni mwini nyumbayo. Za pakamwa ndi keyateka sizikhala umboni. Uthenga wa pa WhatsApp ndi wokwanira, bola utchule adiresi ndi nambala ya chipinda, chimene chawonongeka, tsiku limene chinayamba, ndi tsiku limene mukufuna chikhale chitakonzedwa. Masiku 7 ndi oyenera pa zinyalala ndi suweji, 14 pa denga kapena mawindo. Lembani mwaulemu, opanda chipongwe, poti uthengawu udzawerengedwa ndi anthu ena kutsogoloku. Mukasainira anthu angapo a pabwalo limodzi zimalemera, komanso mwini nyumba sapeza mmodzi womulozera chala.

Apa ndi pamene ambiri amadzipweteka okha: kusiya kulipira lendi pofuna kumukhaulitsa. Musatero. Mukangodumphitsa mwezi umodzi, nkhani imatembenuka, sikhalanso ya zinyalala koma ya ngongole yanu, ndipo mwamupatsa chifukwa chothetsera mgwirizano. Lipirani kudzera kubanki kuti pakhale mapazi. Ngati ndi ndalama pamanja, lamulo la Rental Housing Act la 1999 limamukakamiza kukupatsani lisiti yolembedwa, ya deti ndi adiresi ya nyumbayo. Lamulo lomwelo limati mgwirizano wa pakamwa ndi mgwirizano ndithu, ndipo mukapempha kuti ulembedwe ayenera kuulemba.

Khomo loyamba ndi la a zaumoyo a khonsolo, ofesi ya Environmental Health ya chigawo chanu. Mkati mwa tawuni ndi Region F. Awa ndi a zinyalala zowola, makoswe, mphemvu, zimbudzi zosagwira ntchito ndi kuthithikana kwa anthu. Amabwera kudzaona, akapeza kuti n'zoona amapatsa mwini malo chikalata chomulamula kukonza pofika tsiku lakutilakuti, akanyozera amamulipiritsa chindapusa. Musachoke pa ofesipo kapena kudula foni musanalandire nambala ya dandaulo lanu, chifukwa popanda nambalayo ulendo wachiwiri mudzayambiranso poyamba. Pemphaninso dzina la woyendera ndi tsiku limene abwere kuti wina adzakhalepo. Kawirikawiri amafika masana alendi onse ali kuntchito, keyateka n'kuwaonetsa mbali yosesedwa yokha.

A khonsolo sangakuchotsereni lendi kapena kukubwezerani ndalama. Zimenezo ndi za khomo lachiwiri, bwalo la Rental Housing Tribunal, limene lili m'chigawo chilichonse cha South Africa. Silipiritsa, ndipo loya safunika. Mumadzaza fomu n'kuphatikiza kope ya pasipoti kapena chiphaso, mgwirizano wa lendi ngati ulipo, umboni wa malipiro, zithunzi zija, mauthenga aja, ndi adiresi yeniyeni ya mwini nyumba. Adiresiyi ndi imene imachedwetsa milandu yambiri: alendi amangodziwa nambala ya foni ya wotolera ndalama, masamoni n'kusowa kokafikira. Dzina la mwini wake weniweni limapezeka ku Deeds Office, ofesi ya boma yolembetsa umwini wa malo, pa kandalama kochepa.

Bwaloli limayamba ndi kukukhazikani pansi nonse awiri kuti mugwirizane. Zikakanika, mlandu umamvedwa, ndipo chigamulo chake chimakhala ndi mphamvu ya chigamulo cha khoti la majisitireti. Ndime 13 ya lamulo lija ndi yofunika kuidziwa: kuyambira tsiku limene mwapereka dandaulo mpaka chigamulo chituluke, kapena ithe miyezi itatu, mwini nyumba sangakutulutseni malinga mukulipirabe lendi, ndipo ayenera kukonza zofunika kukonzedwa. Akakwiya n'kusintha loko, kapena kudula madzi ndi magetsi, walakwira lamulo. Bwererani ku bwalolo tsiku lomwelo, lili ndi mphamvu yolamula kuti akutsekulireni. Kutulutsa munthu m'nyumba kumafuna chilolezo cha khoti pansi pa lamulo la PIE la 1998, loletsa kutulutsa anthu m'nyumba mwachisawawa, ndipo chitetezochi sichisankha kuti ndinu nzika kapena wobwera.

Nyumba zolandidwa, zimene wotolera lendi si mwini wake, ndi nkhani ina. Kumeneko kukanena ku khonsolo kungathe kutsekera nyumba yonse, ndipo amene mapepala ake sali bwino angakumane ndi apolisi m'malo mwa woyendera zaumoyo. Yambani mwafunsa upangiri ku SERI kapena ku Lawyers for Human Rights, mabungwe amene amathandiza osauka pa milandu yotere osalipiritsa. Koma zinyalala zounjikana m'makonde, mawaya a magetsi olumikiza mwachinyengo ndi mageti otulukira okhomedwa si zodikira nazo. Moto wa pa nyumba ya Usindiso ku Marshalltown pa 31 Ogasiti 2023 unapha anthu 76, ena mwa iwo Amalawi, ndipo ambiri analephera kutuluka chifukwa njira zothawira zinali zotsekeka. Zotere zikanenedwe ku ofesi ya ozimitsa moto ya khonsolo, ndipo geti lililonse lokhomedwa lijambulidwe loko wake akuoneka.