Mtsikana akadumphitsa msambo, lekani kumuviikira mizu

Dzinja lino ndakumana ndi vuto limodzimodzi m'midzi ingapo yomwe ndimayendera. Mtsikana wa zaka 13 kapena 14 akangotha miyezi iwiri osasamba, amayi ake ndi agogo akumuviikira mizu yowawa, ati kumutsegula njira. Akamafika naye kuchipatala amakhala atafooka, akusanza, ena magazi akutuluka osaleka.

Ndalankhula izi pamisonkhano mpaka mawu kusasa. Zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira mtsikana atatha msinkhu, thupi lake limakhala lisanakhazikike. Dzira silituluka mwezi uliwonse, ndipo msambo wobwera pakatha masiku 21 mpaka 45 si matenda. Ndiye onani nyengo ino. Nkhokwe zili mbee, mwana akudya kamodzi patsiku, m'mawa ali paganyu yobandira, kenako ulendo wapansi wopita kusukulu. Thupi likaonda limayimitsa kaye msambo chifukwa lilibe mphamvu zoti n'kusunga mimba. Nkhawa ya mayeso a Sitandade 8 imachitanso chimodzimodzi. Mwanayo akusowa chakudya, inu mukumupatsa mankhwala opanda muyeso, pamimba popanda kanthu. Ndipo ngati ali ndi pakati osadziwa, mizuyo ingachotse mimba mosatha bwino, zotsalira n'kuwolera m'chiberekero. Apo ndiye timataya ana.

Bambo wina wolima fodya anandiimitsa panjira. "Alangizi, ine mbuzi yanga inapita," anatero. Sing'anga anawauza kuti mwana wamangidwa ndi azakhali ake, iwo n'kulipira mbuzi yokhayo yomwe anali nayo. Atalephera konseko anapita kuchipatala, komwe anapeza kuti mwanayo magazi ndi ochepa komanso ali ndi njoka za m'mimba. Anachira ndi mapiritsi aulere. Koma bambowo ndi mlongo wawo mpaka lero sapatsana moni. Mbuziyo ikanagulitsidwa, bwenzi mwana atadya nyemba ndi usipa mwezi wonse.

Zochita n'zodziwika. Mwana azilemba tsiku lomwe wayamba kusamba kumapeto kwa kope. Akatha masiku 90 osasamba, akamasamba kupitirira masiku 7, akamasintha nsalu ola lililonse, kapena akafika zaka 15 asanayambe, pitani naye kuchipatala akamuyeze magazi ndi mkodzo. Ngati analandira jakisoni wolera anene, naye amasokoneza msambo. Mufunseni mofatsa, muli awiri, osati pamaso pa abambo ake.