Kugwira injini pochotsa subframe kuti musinthe gasiketi ya sampu

Mwafunsa ngati jeke pansi pa sampu (beseni la oyilo la pansi pa injini) ikukwanira kugwira injini, ayi ndithu, sampuyo ndi yomwe mukufuna kumasula ndiye injini igwiridwe kumwamba. Choyamba chotsani waya wa negative ku batire, kwezani galimoto muyike pa ma stand, zidina ayi chonde zimaphwanyika munthu uli pansi. Khuthulani oyilo. Kenako pingasani support bar (chitsulo chokolekapo injini) pamwamba pa injini, miyendo yake ikhale m'mphepete molimba mwa ma fender, kolekani tcheni pa timakutu tonyamulira injini nkumanga pang'onopang'ono mpaka kulemera kuchoke pa ma mounting (malabala omwe injini imakhalapo). Chongani ndi choko pomwe subframe (felemu yachitsulo ya pansi pa injini) yakhala, masulani steering rack (chitsulo chokhotetsa matayala) muyimangirire, ikani jeke pansi pa subframe, masulani mabawuti ake kenako muyitsitse mofatsa. Mukabwezeretsa kapangitseni alignment ya matayala.