Momwe mungagulire chimanga, mawere ndi mapira a mowa motchipa kuno ku Tete

Ndalama zambiri za mowa wa masese zimathera pa mbewu. Nkhuni mutha kukatola, madzi ali pa mjigo, mgolo mumagula kamodzi n'kukhala nawo zaka, koma chimanga ndi mawere zimafuna kupisa m'thumba nthawi iliyonse mukati mufulule. Ambiri amagula lata imodzi lero, ina sabata yamawa, pa mtengo wa tsikulo, kenako n'kumadabwa kuti mowa watha koma phindu silikuoneka. Ndifotokoza momwe ine ndimagulira zambiri nthawi imodzi kuno ku Angónia ndi madera oyandikana nawo. Kaphikidwe ka mowawo sindikakhudza, mukukadziwa kale.

Musanatuluke pakhomo, gawani zogula zanu pawiri. Pali mbewu ya phala, palinso mbewu ya chimera, ndipo ziwirizi musazigule ngati katundu mmodzi. Ya phala ikungopita kuchigayo. Kaya ndi chimanga chosweka, cha njere zing'onozing'ono, kaya chotsala m'nkhokwe chaka chatha, chigwira ntchito bola chikhale chouma ndi chopanda chuku. Apa ndi pamene mungatsitsire mtengo mpaka wogulitsa adandaule. Ya chimera iyenera kukhala yamoyo, chifukwa njere ikamamera ndi pamene imatulutsa mphamvu yosungunula phala kuti litsekemere, ndipo kutsekemerako ndi kumene kumadzasanduka ukali wa mowa. Pa imeneyi musaumire ndalama. Imakhalanso yochepa poyerekeza ndi ya phala, ndiye ngakhale mulipire mowonjezera simuluza.

Nthawi yogulira ndi Juni ndi Julayi. Mu Epulo mtengo umaoneka wokoma, koma chimanga chake chimakhala chisanaumitsitse, mukugula madzi. Kuyambira Novembala mpaka Febuluwale mtengo umakwera, zaka zina mpaka kuwirikiza, ndipo amene anafulula mu 2024, chaka cha chilala cha El Niño chija, akukumbukira kuti ngakhale nthawi yokolola inali yowawa. Ngati ndalama ilipo, gulani za miyezi ingapo nyengo yozizira isanathe.

Kokagula kumatengera mbewu yake. Chimanga chili kumtunda kuno: Angónia, Tsangano ndi Macanga. Mapira ndi mchewere zimachuluka kumadera otentha a kumwera kwa Zambezi, monga Changara, Marara, Cahora Bassa ndi Mágoè, kumene mvula imavuta. Mawere ndiye ovuta kupeza ambiri malo amodzi. Amalimidwa timinda ting'onoting'ono, kawirikawiri ndi amayi achikulire, ndipo mumachita kutolera mbale ziwiri pano, lata imodzi apo. Uzani mayi mmodzi wodalirika m'mudzimo kuti azikusonkhanitsirani, muzimupatsa kangachepe. Ubwino wake mawere safumbwa msanga, mutha kuwasunga nthawi yaitali.

Amene muli mumzinda wa Tete kapena ku Moatize, pa msika wa Kwachena mupeza zonsezi, koma dziwani kuti pa mtengowo mwalipiranso ulendo wa makilomita oposa 200 kuchokera ku Ulongwe, kuphatikizapo phindu la anthu awiri kapena atatu amene thumbalo ladutsa m'manja mwawo. Komanso musathamangire misika ya m'malire ngati Zobwe, Calómuè ndi Biri-Biri poganiza kuti n'kotchipa. Kumeneko mukupikisana ndi mavenda a ku Malawi amene amagula ndi malole, ndipo alimi amawadikira. Lowani mkati, kumidzi ya ku Domwe kapena njira ya ku Furancungo, kumene galimoto zazikulu sizifika kawirikawiri. Ndipo pafupi ndi malire funsani kaye ngati mtengo akutchulawo ndi wa makwacha kapena mametikali. Kusinthako ena amadyerapo.

Nyamulani lata yanu. Lata ya malita 20 imalowa chimanga pafupifupi makilogalamu 17 kapena 18, ndiye zitatu zosefukira bwino zimadzaza thumba la makilogalamu 50. Za ogulitsa ena anazikhoma pansi kuti thako lilowe mkati, mukayang'ana pamwamba yadzaza, mukafika kunyumba thumba lili lendelende. Mugwirizane musanayambe kuyeza ngati lata ikhale yosefukira kapena yodula pakamwa, ndipo basela mupemphe pomaliza, mtengo mutamvana kale. Thumba lililonse likhuthulidwe mukuona. Mawere tapani dzanja limodzi muthire m'kapu ya madzi, mchenga ukhala pansi ndipo muuona. Kuti mudziwe ngati chimanga chauma, lumani njere: youma imathetheka, yaiwisi imangophwanyika mwakachetechete. Kapena ikani njere ndi mchere wouma m'botolo louma, mukhutchumule, mchere ukamamatira m'mbali ndiye kuti chinyezi chikadalipo.

Tsopano pa mbewu ya chimera, apa ndiye ndichedwapo, chifukwa ndi pamene ndinapsa.

Ndinagula mapira kwa bambo wina amene anaimika matumba m'mbali mwa msewu. Anali okongola, opetedwa bwino, opanda nankafumbwe ngakhale mmodzi, mtengo wake wotsika kuposa wa pamsika. Ndinaviika thumba lonse, ndinayala pa chiguduli, n'kufunditsa monga mwa masiku onse. Povundukula, m'malo mwa kafungo kaja ka chimera chatsopano, kunatuluka fungo lowawasa. Timizu toyera tinali apo ndi apo, kwinako njere zinali zoterera, zikutuluka madzi ukazifinya. Anthu odziwa atawaona anati anali mapira akale, osungidwa nthawi yaitali m'nyumba yamalata yotentha, ndipo pamwamba pa thumba anangothirapo atsopano ochepa. Njere yakufa ndi yamoyo sizisiyana pamaso. Onsewo anadyedwa ndi nkhumba, bambowo sanaonekenso pamalopo.

Ndiye yesani musanagule, motere. Pisani dzanja mpaka pakati ndi pansi pa thumba, osatapa pamwamba. Werengani njere 100. Za mawere n'zazing'ono, ziyaleni pa pepala loyera muzikankha ndi kamtengo ka machesi. Ziviikeni usiku umodzi, m'mawa muzikulunge m'kansalu konyowa, muike m'mbale n'kuvundikira. Muziwaza madzi m'mawa ndi madzulo, kansaluko kazikhala konyowa koma kosadontha. Mapira ndi mawere muwerenge tsiku lachitatu, chimanga lachinayi kapena lachisanu. Zikamera 90 kapena kuposa, gulani osanenerera kwambiri. Zikamera cha m'ma 70, imeneyo ndi mbewu ya phala, ndipo mulipire mtengo wa phala. Musanyengedwe kuti 70 ndi zambiri ndithu. Zija 30 zosamerazo sizingokhala chete, zimaola pakati pa zinzake n'kuyambitsa chuku, chimera chonse chimanunkha, mowa n'kutuluka wowawasa usanakhwime.

Nyengo nayo muiwerengere. Ku Ulongwe ndi ku Tsangano mu Juni ndi Julayi kumazizira moti njere zimachedwa, ndiye ikani mbaleyo kukhitchini pafupi ndi mafuwa, muonjezere masiku awiri musanaweruze. Ku Tete ndi ku Moatize vuto ndi lina: kansalu kamauma masana amodzi, makamaka Okutobala, ndipo mukhoza kunamizira mbewu yabwino kuti yafa pamene mwaipha ndi ludzu. Palinso mapira ena ongokololedwa kumene amene amakana kumera kwa masabata angapo ngakhale ali bwinobwino. Mlimi akakuuzani kuti wangopuntha kumene, ndipo mukuona ngala zili pabwalo, dikirani pang'ono muyesenso.

Funso limene aliyense amafunsa ndi lakuti wogulitsa angadikire bwanji masiku onsewo. Mlimi wa m'mudzi amadikira. Gulani kapu imodzi, siyani kachikole, mangani thumbalo ndi chingwe chanu mfundo yoti muidziwe, tengani nambala ya foni. Amene akukana kuti mutape pansi pa thumba, kapena akuti galimoto ikunyamuka pompano, musiyeni ndi katundu wake. N'chifukwa chake mbewu ya chimera sindigulanso kwa munthu amene sindikudziwa kwawo.

Pali ziwiri zimene musagule ngakhale akupatseni mwaulere. Yoyamba ndi mbewu yodzala, ija yopakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira. Nyengo yodzala ikatha ena amagulitsa yotsala motchipa, ndipo imamera bwino kwambiri, koma utotowo ndi chizindikiro chakuti yapakidwa mankhwala akupha. Kutsuka sikuthandiza. Yachiwiri ndi chimanga chovunda. Ndikudziwa kuti ambiri amati chovunda n'cha mowa, ena mpaka amati chimakometsa. Chuku china chimene chimagwira chimanga chimasiya poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi, ndipo satha ndi kuwiritsa kapena kusasa kwa mowa. Amene adzamwe mowawo ndi anansi anu omwe. Chimanga chothiridwa Actellic, mankhwala ophera anankafumbwe, ndi nkhani ina: chimakhala ndi kafumbi koyera ndi kafungo ka mankhwala. Funsani kuti anathira liti, mupete, mutsuke bwino musanagwiritse ntchito.

Za mayendedwe werengerani nokha. Tiyerekeze kuti kumudzi thumba latsika ndi mametikali 200, koma chapa (minibasi) ikulipiritsa 100 pa thumba, inunso mulipire mpando kupita ndi kubwera. Pa matumba awiri mwangotaya tsiku. Sonkheranani anthu anayi kapena asanu ofulula, mubwereke ngolo kufika pamsewu, kenako galimoto imodzi. Kulipira pa M-Pesa kapena e-Mola n'kwabwino kuposa kuyenda ndi mpukutu wa ndalama, koma tumizani matumba atasokedwa ali m'manja mwanu, ndipo kumidzi ina netiweki imasowa, ndiye musapite chimanjamanja.

Kunyumba, matumba asagunde pansi kapena khoma, ikani pa mitengo. Matumba a PICS, aja a mapepala apulasitiki awiri mkati, amapha anankafumbwe popanda mankhwala, koma muikemo mbewu youma gwa. Ya chimera ikhale payokha, ilembedwe. Musameretse yonse nthawi imodzi, pangani chokwana mowa uwiri kapena utatu. Chimera cha mapira chikauma, fikisani ndi manja mupete kuti mizu ndi timphukira tichoke, timawawa ndipo tili ndi poizoni. Pokagayitsa funsaninso achigayo za gaga ndi misere, nthawi yokonola imachuluka ndipo amagulitsa motsika, ku phala imalowa bwinobwino mukasakaniza ndi mgaiwa.