Mwana wabadwa masiku asanakwane: momwe mungapezere makolo anzanu othandizana nawo

Mu wodi ya kangaru, momwe ana obadwa masiku asanakwane amamangidwa pachifuwa khungu kukhudzana ndi khungu, munthu sakhala yekha. Bedi la kumanja wina akufinyira mkaka m'kakapu, la kumanzere wina wagona chotsamira mwana ali pachifuwa, m'mawa uliwonse anamwino akudutsa ndi sikelo. Kusungulumwa kumayamba tsiku lotuluka. Mwafika pakhomo ndi khanda losakwana makilogalamu awiri, achibale akusuzumira m'chitenje n'kumangoti "koma ndiye kachepa", ndipo 2 koloko usiku mwana akakana kumeza mulibe womufunsa.

Chonsecho anzanu ndi ambiri. Lipoti lomwe bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa pamodzi ndi mabungwe ena mu 2012 linaika Malawi pamwamba pa maiko onse: ana 18 mwa 100 alionse ankabadwa mimba isanakwane masabata 37. Ndiye kuti pa msika, kutchalitchi ndi pa mjigo pali amayi amene anadutsamo. Kungoti nkhani yake ambiri amaibisa, chifukwa pakamwa pa anthu sipachedwa kunena kuti mayi analakwira mwambo kapena kuti pali dzanja la munthu. Choncho muyenera kuwafuna dala.

Yambirani mu wodi momwemo, musanatuluke

Apa ndi pomwe ambiri timataya mwayi. Amayi omwe mwagona nawo masabata awiri kapena atatu, kaya ndi ku Chatinkha pa Queens, ku Bwaila, ku Zomba, ku Mzuzu kapena pachipatala cha boma la kwanu, ndiwo anzanu enieni pa ulendowu. Ana anu ndi amsinkhu umodzi, aphunzitsi anu ndi amodzi, ndipo munaonana muli osasamba, mukulira. Palibenso chobisirana.

Lembani manambala awo pa pepala n'kulisunga m'buku la kuchipatala la mwana, osati m'foni mokha, poti foni imabedwa kapena kufa. Funsaninso mudzi kapena dera, ndi nambala yachiwiri ya bambo kapena mlamu. Amayi ambiri amatuluka osasanzikana chifukwa galimoto ikudikira panja, ndiye musadikire tsiku lomaliza. Agadiyani nawonso atengane manambala kuchitando komwe amaphikira. Nthawi zambiri agogo awiri omwe anabwerekana mbaula amasunga ubale kuposa eni ana.

Musanachoke, funsani anamwino a mu wodiyo funso ili: "Kodi alipo mayi wa kwathu kuno amene anatuluka kale, mwana wake akukula bwino?" Iwo sangakupatseni nambala ya munthu popanda chilolezo chake, ndipo n'koyenera kutero, koma mukhoza kusiya yanu kuti akabwera amupatse.

Tsiku lobwerera kukayezetsa likhale tsiku lokumana

Mwana wa kangaru akatulutsidwa amapatsidwa masiku obwerera kuti akamuyeze kulemera mpaka atafika pa makilogalamu awiri ndi theka. Pa benchi lodikirapo mumakhala anthu a vuto limodzi. Fikani msanga, khalani pafupi ndi mayi amene mwana wake akuoneka kuti anakutsogolerani, muyambe ndi funso wamba: "Wanuyu anabadwa ndi makilo angati?" Funso limeneli silikhumudwitsa pa benchi limenelo, ngakhale kwina lingapweteke.

Mukagwirizana awiri kapena atatu, pemphani anamwino ngati n'kotheka kuti tsiku lanu lotsatira likhale limodzi. Mukatuluka, khalani kaye pansi pa mtengo mphindi makumi awiri. Gulu lambiri lolimba limayamba chonchi, popanda wapampando kapena msungichuma.

Kumudzi, pitani kwa alangizi a zaumoyo

Alangizi a zaumoyo, aja timangowati ma HSA, amadziwa khomo lililonse lomwe kuli khanda m'dera lawo. Auzeni kuti mwabwera ndi mwana wobadwa masiku asanakwane, kuti azikuyenderani, ndipo muwafunse ngati kuli ena. M'madera ambiri mulinso ma care group, momwe mayi mmodzi wodzipereka amayendera mabanja khumi kapena kuposerapo kukambirana za kuyamwitsa, kadyedwe ndi ukhondo. Magulu amenewa si a ana obadwa msanga okha, koma ndi khomo labwino lolowerapo. Ku Machinga ndi ku Thyolo, komwe kunachitika kampeni ya Khanda ndi Mphatso ya unduna wa zaumoyo ndi Save the Children, nkhani ya kangaru inakambidwa poyera mpaka m'mabwalo, ndiye kumeneko simungavutike kupeza woimvetsa.

Musaiwale kumpingo. Amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Umanyano, a Dorika, a kumphakati kapenanso amayi a kumzikiti amayendera kale odwala ndi ofedwa. Koma muwauze chimene mukufuna. Mukapanda kunena, abwera khumi nthawi imodzi, aliyense akufuna kunyamula mwana. Nenani mosabisa kuti mukufuna wotunga madzi, wochapa matewera, wotengera wamkulu uja kusukulu. Mayi amene wamanga mwana pachifuwa usana ndi usiku, n'kumamudyetsa maola awiri kapena atatu alionse, sangakwanitsenso kusinja ndi kupita kuchigayo.

Bambo ndi agogo alowe m'gululo

Kangaru si wa mayi yekha. Njirayi inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978 chifukwa cha kuchepa kwa makina ofunditsira ana, ndipo kuno inakhazikika pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Chimene mwana akufuna ndi kutentha kwa khungu la munthu, kaya ndi la bambo, azakhali kapena agogo, bola asakhale akudwala. WHO imalangiza kuti mwana akhale pachifuwa maola osachepera 8 pa tsiku, ndipo akafika 24 ndiye bwino koposa. Munthu mmodzi sangathe.

Abambo ambiri amachita manyazi mpaka ataona mwamuna mnzawo atavula malaya n'kumanga mwana. Ngati m'gulu lanu muli bambo mmodzi wotere, mugwiritseni ntchito, akacheze ndi enawo. Chimodzimodzi apongozi amene akuumirira kuti mwana asambitsidwe m'mawa kapena abelekedwe kumbuyo ngati ana ena: mawu a mpongozi wawo sangawamve, koma a gogo mnzawo amene mdzukulu wake anapulumuka amawamva. Mukhozanso kuwauza kuti kafukufuku yemwe anachitika m'maiko asanu, kuphatikizapo Malawi pa chipatala cha Queens, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2021, anapeza kuti kuyamba kangaru mwana akangobadwa kunachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi pakati pa ana ochepa kwambiri.

Gulu la pa WhatsApp likhale ndi malire

Ngati ambiri muli ndi mafoni a intaneti, tsegulani gulu. Likhale laling'ono, la anthu odziwana nkhope. Mauthenga a mawu ndi abwino kuposa olemba, chifukwa dzanja limodzi lagwira mwana, komanso si onse amawerenga msanga. Opanda bandulo muziwaimbira mosinthana.

Gwirizanani zinthu zingapo poyamba pomwe. Chithunzi cha mwana wa mnzanu sichituluka m'gulu. Malonda a mankhwala onenepetsa mwana, kaya ndi a m'botolo kapena a zitsamba, ayi. Ndipo gulu si chipatala. Mwana akazizira thupi ngakhale ali pachifuwa, akatentha, akaleka kuyamwa, akamapuma mothamanga kapena nthiti zikamalowa m'kati, akamasiya kupuma kwa kanthawi, akachita chikasu mpaka m'manja ndi kumapazi, kapena akakomoka, musalembe uthenga n'kumadikira yankho. Mangani mwana pachifuwa, nyamukani. Pa mafunso osafulumira, imbani Chipatala Cha Pa Foni (nambala yake mufunse kwa HSA kapena anamwino). Kuimbako ndi kwaulere ndipo mumayankhula ndi azaumoyo m'Chichewa.

Magulu akuluakulu a pa Facebook, makamaka a kunja, ali ndi phindu lake, koma muziwerenga mosamala. Amakamba za makina ndi mankhwala omwe kwanu kulibe, ndipo mukhoza kumadziona ngati mukulephera pomwe mukuchita bwino.

Za kosewerera: musathamange

Makolo akhoza kukumana kuyambira sabata yoyamba, koma ana ayi. Mapapo a mwana wobadwa msanga amakhala osakhwima, ndipo chimfine chomwe kwa mwana wa zaka zitatu n'chamasiku awiri chikhoza kumugoneka wanuyo pa mpweya. Funsani achipatala kuti ndi liti pomwe angayambe kukhala pagulu. Miyezi yozizira ya June ndi July muonjezere kusamala.

Akakuvomerani, yambani ndi mabanja atatu kapena anayi, pakhonde kapena pamthunzi, kutali ndi utsi wa mbaula ndi wa fodya. Pakhomo pakhale ndowa ndi sopo. Amene mwana wake akutsokomola kapena kutsegula m'mimba akhale kaye kunyumba, ndipo wina amuimbire madzulo kuti asaone ngati wathamangitsidwa. Zidole zogula sizofunika. Mkeka woyera, kabotolo kothiramo nyemba kotsekedwa zolimba, nsalu yowala ndi nyimbo zakwana. Muzimugoneka chafufumimba kwa mphindi zochepa ali maso inu mukumuyang'ana, kuti khosi lilimbe.

Pa mkeka pamenepo ndi pomwe mtima umayamba kuyerekeza, ndiye phunzirani kuwerenga msinkhu molondola. Mwana amene anabadwa pa masabata 32 anafulumira ndi masabata 8, pafupifupi miyezi iwiri. Akakwanitsa miyezi 6 chibadwire, muyembekezere zochita za mwana wa miyezi 4. Kuwerenga kotere kumagwira ntchito mpaka atafika zaka ziwiri. Katemera yekha ndiye amatsata tsiku lenileni lobadwa, monga momwe akusikelo angakuuzireni. Ngati mwachotsera kale masabatawo koma mwana sakutembenukira phokoso, sakutsata nkhope yanu ndi maso, kapena thupi lake ndi lolimba kapena lofooka kwambiri, kanenereni kuchipatala msanga, osadikira kuti anzanu akutonthozeni. Sukulu za mkombaphala zimalandira ana kuyambira zaka zitatu, ndipo pomupereka muwauze alezi mbiri yake.

Muziyang'anananso inu eni

Pokumana, funsanani za mayi, osati za sikelo zokha. Mnzanu akamalira tsiku ndi tsiku kupitirira masabata awiri, osagona ngakhale mwana wagona, osafuna kudya, kapena akamanena kuti bola kungofa, amenewo ndi matenda ndipo amachizika. Muperekezeni kwa anamwino kapena kwa wa zamaganizo pachipatala cha boma. Ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kulinso a St John of God, omwe amathandiza pa matenda a maganizo.

Nthawi zina m'gulu mumagwa maliro, poti si ana onse amapulumuka. Mayi woferedwayo musamuchotse pa WhatsApp mwakachetechete pomuganizira kuti zithunzi za ana zimupweteka. Mufunseni yekha ngati akufuna kukhalabe, ndipo mukamuone.

Ngati kwanu mwafufuza ndipo palibiretu gulu, pemphani mkulu wa anamwino kapena HSA kuti akulengezereni pa tsiku la sikelo, mutchule malo ndi nthawi. Mu November, pa tsiku lokumbukira ana obadwa masiku asanakwane pa dziko lonse, zipatala zina zimaitana amayi omwe anatuluka kale kuti abwere ndi ana awo, ndiye ndi tsiku labwino kutengerapo manambala ndi kupangana za mkumano woyamba.