Galimoto ikufuka utsi wabuluu, oilo akutha: momwe mungadziwire ngati ndi turbo

Galimoto ikayamba kufuka kumbuyo, oilo n'kumatsika sabata ndi sabata, mawu oyamba omwe mumamva ku galaja ndi akuti, "Bwana, turbo yapita." Nthawi zina zimakhaladi zoona. Koma kawirikawiri turbo imangokhala pamene vuto laonekera, gwero lake lili kwina. Mukamanga ina osapeza gwerolo, nayonso sichedwa kuyamba kutaya oilo, ndalama zanu n'kulowa m'madzi. Kaya ndi Hilux D-4D, Ford Ranger kapena Canter yonyamula mpunga, kafufuzidwe kake n'kofanana.

Dziwani kaye mmene chidachi chimagwirira ntchito. M'kati mwake muli timawilo tiwiri ta mapiko pa shafiti imodzi. Utsi wotuluka mu injini umazunguza kawilo kamodzi, ndipo kawilo kachiwiri kamakoka mpweya wochokera ku fyuluta n'kuukankhira mu injini. Shafitiyo imazungulira kopitirira ka 100,000 pa mphindi imodzi, ndipo imayandama pa oilo yemweyo wa mu injini. Oiloyo amalowera pamwamba kudzera m'kapaipi kakang'ono, n'kutulukira pansi m'paipi yokulirapo kubwerera mu sampu, beseni la oilo la pansi pa injini. Potuluka palibe pampu yomukankha, amangotsika yekha. Zotchingira oilo m'mbali mwa shafiti si za labala ayi, ndi timaring'i tachitsulo. Choncho oilo akalephera kutsika, amadzaza m'katimo n'kudutsa timaring'ito ngakhale turbo ili yabwinobwino.

Yambani ndi kuyeza oilo

Imikani galimoto pamalo osapendekeka, zimitsani, dikirani mphindi 10. Thirani oilo mpaka pa mzere wapamwamba wa dipstick (kachitsulo koyezera oilo), osapitirira, chifukwa oilo wosefukira nayenso amafukitsa. Lembani makilomita. Kupita ku Lilongwe ndi kubwerera ku Salima ndi makilomita pafupifupi 200, ndiye mukayenda maulendo atatu yezaninso pamalo omwewo. M'magalimoto ambiri, pakati pa mizere iwiri ija pamalowa lita imodzi kapena kuyandikira apo. Akatsika ndi theka pa mtunda umenewu, pali vuto ndithu. Usiku yalani katoni kunsi kwa injini, kuti mudziwe ngati oiloyo akupsa kapena akungodontha.

Uwerengeni utsiwo

Utsi wabuluu kapena wotuwa, wonunkha ngati oilo wagwera pa makala, ndiye wa oilo. Wakuda bii ndi wa dizilo wochuluka kapena mpweya wochepa. Woyera wosatha, madzi a mu radiyeta n'kumatsikanso, umaloza ku gasiketi ya pamutu pa injini.

Chofunika kwambiri ndi nthawi imene ukutuluka, ndipo apa mufunika munthu wokutsatirani pambuyo, pakuti pagalasi simuona bwino. Ukatuluka mmawa polizira injini, n'kuzimiririka pakapita masekondi ochepa, ganizirani ma valve seal, timphira totchinga oilo pa mavavu a pamutu pa injini: oilo amadonthera m'masilinda usiku wonse. Chimodzimodzi ngati mwatsetsereka zitunda za ku Mvera phazi lili pambali, ndiye pongopondanso moto n'kutuluka chiutsi kamodzi. Ukamatuluka nthawi zonse n'kumakula mukamakwera chitunda ndi katundu, akhoza kukhala maring'i a mapisitoni. Wa turbo umakonda kubwera mukaimitsa galimoto ikulira kwa mphindi zisanu kapena kuposa, n'kunyamuka, komanso pamene turbo yayamba kukankha mwamphamvu. Nthawi zambiri umabwera limodzi ndi kulira kwachilendo konga kwa sailini, kokwera ndi kutsika motsatira moto. Komabe utsi pawokha sugamula mlandu, umangokuuzani koyambira.

Fyuluta ya mpweya ndi mpweya wa mu sampu

Kuno kunyanja, fumbi la mu Okutobala ndi mchenga wa m'misewu ya ku Senga Bay zimatseka fyuluta msanga kuposa mmene buku la galimoto limanenera. Fyuluta ikatsekeka, turbo imakoka mpweya movutikira, ndipo kukokako kumayamwa oilo kudutsa timaring'i tija. Ichotseni muiyang'anitse kudzuwa. Kuwala kukapanda kudutsa, sinthani. Chizolowezi choipopera ndi kompresa mwamphamvu n'choipa: pepala limang'ambika timabowo tosaoneka, mchenga n'kumalowa kukapala mapiko a turbo.

Kenako, injini itatentha ndipo ikulira yokha, masulani chitsekerero cha pothirira oilo, muchisiye pamwamba osamanga. Kugwedera pang'ono si vuto. Koma chikamavina mpaka kugwa, utsi uli tolotolo ngati mbaula ya nkhuni zaziwisi, ndiye kuti mphamvu ya m'masilinda ikudutsa maring'i kulowa mu sampu. Mpweya umenewu umatsekereza oilo wotsika kuchokera ku turbo, turbo n'kumataya oilo pamene wolakwa ndi injini. Onaninso paipi yopumira ya pamwamba pa injini ngati sinatsekeke ndi phala la oilo wakale. Ngati ili bwino, pemphani amakaniko ayeze kompresheni ya silinda iliyonse. Kusiyana kopitirira pafupifupi 10 pa 100 pakati pa masilinda kukusonyeza kuti ntchito ili m'kati mwa injini.

Tsopano igwireni turboyo

Injini izizire kaye, makiyi akhale m'thumba. Masulani paipi yochokera ku fyuluta pamene yalumikizana ndi turbo, muunike ndi tochi. Mapiko akhale akuthwa ndi ofanana. Akakhala obenthuka, opindika kapena osalala m'mphepete ngati mpeni wakale, china chake chinalowa kapena mchenga wawadya.

Gwirani nati ya pakati ndi zala ziwiri. Izungulire mosavuta, popanda kukhula. Igwedezeni m'mwamba ndi pansi: kusewera pang'ono n'kwachibadwa, chifukwa injini ikazima oilo woyandamitsa uja sakhalapo, bola mapiko asakhudze khoma. Mukaona mizere yonyezimira pakhomalo, akhala akukhula kale. Kenako ikokereni kwa inu n'kuikankhanso. Uku sikuyenera kusewera moti chala n'kumva. Mukamva kuti go go, turbo yathadi.

Onaninso komwe oilo ali. Akakhala m'paipi musanafike pa mapiko, wachokera ku paipi yopumira ija. Akakhala kotulukira kokha, turbo ndiyo ikumutaya, ngakhale chifukwa chake chikhoza kukhala chimodzi mwa zija. Kunyowa pang'ono m'mapaipi a galimoto ya dizilo kusakudetseni nkhawa. Chodetsa nkhawa ndi oilo wochita kuchucha mukamasula paipi ya pansi pa intercooler, chida chonga radiyeta choziziritsa mpweya wochokera ku turbo.

Musamange musanachotse paipi yobwezera oilo ku sampu. Isakhale yopindika, yophwanyika kapena yodzaza makala. Kapaipi kapamwamba nakonso kamatsekeka ndi oilo wopserera, makamaka ngati sevisi imachedwa kapena mumagula oilo wa m'zigubu zosadziwika, ndipo turbo yosowa oilo imafa m'masekondi.

Ngati galimoto yangofooka, utsi uli wakuda, ndipo mukumva kuti fwii mukaponda moto, funani paipi yong'ambika kapena kilampu yomasuka. Makina oyezera galimoto akaonetsa nambala ya vuto P0299, akungonena kuti mpweya wokankhidwa ndi wochepa, sakunena kuti mugule turbo.

Ngozi ya pa injini ya dizilo

Injini ya dizilo imatha kuyaka ndi oilo wake womwe. Oilo akadzaza mu intercooler n'kukokedwa, injini imakwera moto yokha, utsi uli ngati nkhungu, ndipo kuzimitsa kiyi sikuthandiza. Zikatero pondani kalachi ndi buleki mwamphamvu, lowetsani giya yapamwamba kwambiri, siyani kalachi kuti injini itsamwe. Osatseka kolowera mpweya ndi dzanja kapena nsanza. Ikakhala ya automatic, tulutsani anthu mutalikire. N'chifukwa chake galimoto yochucha oilo mu intercooler siyenera kuyamba ulendo wa pa M5 wopita ku Nkhotakota poganiza kuti mukakonzera komweko.

Mukamanga ina

Sinthani oilo, fyuluta ya oilo ndi ya mpweya tsiku lomwelo. Kapaipi kolowetsa oilo ikani katsopano, chifukwa makala a m'kati sachoka onse potsuka. Tsukani intercooler ndi mapaipi, ziume bwino. Pa gasiketi za mapaipi a oilo musapake silikoni, imafinyikira m'kati n'kutseka njira. Musanamange kapaipi kapamwamba, thirani oilo woyera pabowo lake uku mukuzunguza shafiti ndi chala. Mukaliza, isiyeni ilire yokha mphindi zisanu osaponda moto. Utsi ukhoza kupitirira kwa kanthawi chifukwa cha oilo wotsalira mu ekizozi, koma uzichepa mukamayenda. Ndipo mukafika kuchokera ulendo wautali kapena ndi katundu wolemera, dikirani mphindi imodzi kapena ziwiri musanazimitse, kuti oilo asapserere m'kati mwa turbo yotentha.